Zitini za Yara

Pa siteji ya minibasi za shapa ku Cobue, a Aristides anatula chitsulo chokhala ndi zitini za simenti uku ndi uku, zobiriwira ndi ndere. Mayi wina wa dengu la usipa anachotsa phazi msanga.

"Bambo, nangula akukwera galimoto?"

"Si nangula, mayi. N'za mwana wanga Yara, amaphunzira ku Metangula. Ndi wothamanga, amadumphanso. Amasenza chimenechi paphewa n'kumanjuta, kudzuka, kunjuta, kudzuka."

"Ii, mtsikana? Adzalemera ngati mvuu! Wothamanga azipepuka."

"Inenso ndinkatero. Ndinamulanda, n'kumanga chingwe, n'kuponya m'madzi. Bwato langa silinasunthepo, ngakhale pa mwera."

"Munachita bwino."

"Bwino chani! Pa mpikisano wa masukulu, mwana amene ankasiya anzake m'fumbi anafika kumapeto. Podumpha anagwera pafupi ngati nkhuku yonyowa. Aprofesora ake, aphunzitsi a masewera, akuti liwiro limachokera m'ntchafu. Ntchafu ikalimba, phazi limakankha nthaka mwamphamvu. Yara atabwera ku tchuthi sanandilankhule n'komwe."

"Ndiye mwakavuula?"

"Ndinachita kumira ndekha, ukalamba uno. Ndikukapepesa, mwezi wamawa akathamanga ku Lichinga."

"Nanga bwato lopanda nangula mwalisiya bwanji?"

"Lili kumtunda, pansi pa mlambe. Pa tchuthi paja Yara anadula chingwe n'kumalikoka pamchenga m'mawa uliwonse, akuti popeza zitini ndalanda, bwatolo ndiye zitini zake."

"Yekha?"

"Yekha, mayi. Ine bambo wake ndalephera kulibwezera m'madzi."