Khansala wa Mumlengalenga

Kutatsala tsiku limodzi kuti chipani chichite mapulaimale ku Thambani, a Laston Chapotera anali pansi pa mtengo wa manachesi akunola mpeni, mbuzi yotsiriza ya m'khola la akazi awo ili chimangire pambali, kudikira kusanduka ndiwo ya ovota. Ukhansala anali atauyesa kangapo konse, ndipo ulendo uliwonse anthu ankadya nyama yawo, n'kupukuta pakamwa, n'kukaima kumbuyo kwa wina.

Akazi awo, a Rozina, anafika kuchokera kuchigayo, natula ufa pakhonde, n'kunena kuti Tadala anaimba foni m'mawa. Tadala ndi mwana wawo wamkazi amene amaphunzira za nyenyezi ku Joni. Gulu lake linali litatulukira mwala wina mwa miyala imene imazungulira dzuwa kumwambako, ndipo aphunzitsi ake anamupatsa mwayi woutcha dzina.

A Laston anaika mpeni pansi, nkhope ili ngwee.

"Mwana ameneyu ndinalera bwino. Mawa ndikangonena kuti dzina langa lili kumwamba, aime kumbuyo kwa ndaninso?"

"Koma bambo a Tadala..."

"Dikirani kaye, amayi. Muuzeni alembe kuti Laston Namondwe Chapotera Woyee."

"Latalika. Akuti komiti yake imafuna dzina lalifupi, loti aliyense alitchule osadziluma lilime."

"Chabwino. Chapotera Golosale basi. Malonda nawonso apite patsogolo."

"La bizinesi amakana."

"Amakana? Mwalawo ndi wa agogo awo?"

"Sindinafunse. Akuti panopa uli ndi nambala chabe, ngati galimoto. Amayamba autsatira nthawi yaitali, aone njira yake, dzina pambuyo."

"Eya, ngati khanda," anatero a Laston akugwedeza mutu mwaulamu. "Kudikira kaye mchombo ugwe."

"Mwala ulibe mchombo, bambo a Tadala."

Vuto la a Rozina linali limeneli. Munthu ukawafunsa ngati akudziwa nthawi, amangoti eya n'kupitiriza ulendo. Amuna awo anali atakhala nawo zaka zambiri koma phunziro limeneli silinawalowe. Anaimirira, nayamba kuyendayenda manja ali kumbuyo ngati ali kale m'chipinda cha khonsolo, n'kufunsa zina zimene anthu ansanjewo akufuna.

"Mawu pang'ono ofotokoza zimene mwini dzina anachita. Akuti tanthauzo la dzinalo limakhala pamenepo."

"Zosavuta. Mlatho uja."

"Mlatho uti?"

"Umene ndinalonjeza."

"Akuti zimene anachita."

"Aa, kulonjeza si kuchita? Thukuta lonse lija pamsonkhano?"

"Anthu akuwolokabe atapinda mathalauza."

A Laston anatsokomola, nayang'ana mbuzi ngati ndiyo yayankhula. Kenaka anafunsa, mongomalizitsa nkhani, ngati pali lamulo linanso.

"Lilipo limodzi," anatero a Rozina akusasa ufa pachitenje. "Wandale dzina lake silipita kumwambako mpaka atamwalira, papitenso zaka handiredi."

Kuyendayenda kuja kunathera pomwepo.

"Ndife kaye?"

"Akuti choncho."

"Zaka handiredi ndili m'manda, ndiye adzandiombere m'manja ndani?"

"Sindinafunse."

"Iyayi, taimani. Kodi ine ndine wandale ngati? Ndinawinapo chiyani ine?"

"Palibe."

"Mwayankha msanga bwanji?"

"Funso lake ndi losavuta."

"Ndiye basi. Ndine mlimi wa manachesi. Muuzeni Tadala choncho."

"Mlimi wake wavala malaya a chipani, ndipo chithunzi chake chakhomedwa pamtengo uliwonse kuchokera pano mpaka ku boma."

"Azungu amenewo afika ku Thambani kudzawerenga mitengo?"

"Mwala auona kuseri kwa mwezi uko. Mtengo ungawavute?"

A Laston anakhala pansi pang'onopang'ono. Kunena zoona, chimene chinkawapweteka pa ndale sichinali kuluza. Chinali kutembenuka pamzere paja, pamene owerenga afika, n'kupeza kumbuyo kwawo kuli akazi awo okha ndi chidakwa china chimene chinangobisala dzuwa. Ankaopa kudzapita osasiya dzina paliponse, ngakhale pa mjigo. Tsono anayamba kuyeza. Ukhansala ndi wa zaka zisanu, zinayi zake anthu akukutukwana za misewu. Mwala suvoteredwa, ndipo palibe amene angauchotse pampando.

Anavula malaya a chipani, nawapachika pa nthambi. Anamasula mbuzi, imene sinadikire kutsanzika. Kenaka anatulutsa foni m'thumba.

"Koma bambo a Tadala..."

"Musandiletse, amayi. Mwamuna akaganiza waganiza."

Anaimbira atcheya a chipani, nawauza ndi mawu okuluwika kuti atalingalira mozama aona kuti dziko likuwafuna pamalo apamwamba, choncho mawa saima. Ankayembekezera kunyengereredwa pang'ono. Atcheya anangothokoza mwansangala, n'kunena kuti alengeza pompano, foni n'kudula. Zinawabaya a Laston, koma anadzilimbitsa mtima poyang'ana kumwamba, kumene kunalibe chilichonse kupatula khwangwala.

"Zatheka," anatero akusisita pamimba popanda malaya. "Tsopano ndine munthu wamba. Kaya adzalemba Laston, kaya Chapotera, zonse ndalola."

"Adzalemba Rozina."

"Ati?"

"Rozina. Ndi dzina limene Tadala watumiza kukomiti."

"Rozina wake uti?"

"Pakhomo pano alipo mmodzi. Akuti walembapo za manachesi amene ndinkasenza kukagulitsa kwa madalaivala a mathiraki ku malire, iye ali kusekondale."

Manachesi aja a Laston ankawakumbukira bwino. Nthawi imeneyo iwo anali otanganidwa ndi misonkhano.

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinayamba kawiri. Munati ndidikire, kenaka munati ndisakuletseni."

"Nanga malamulo onse aja mumandiuziranji?"

"Mumafunsa."

Anayang'ana malaya pa nthambi, nayang'ana chingwe chopanda mbuzi, nayang'ananso foni. Anaitola msangamsanga kuti aimbenso.

"Mwina sanalengeze. Ine kumwamba ndilibeko, ndiye ndale ndasiyiranji?"

A Rozina anasenza ufa wawo, naima pakhomo.

"Musataye mayunitsi, bambo a Tadala. Atcheyawo ndakumana nawo kuchigayo, amapempha kuti mawa ndiime ine m'malo mwanu. Ndawakana. Ndilibe zaka handiredi zodikira."