Bindura Ili Pafupi ndi Harare

Olemekezeka a Meya a tauni yathu ya Bindura. Olemekezeka oimira boma m'chigawo chino. Olemekezeka Mayi Ruvarashe Mutsonziwa, mkulu wa kampani ya Nyamatsatse Gases. Bambo Nigel Chirimuuta, amene mwapatsidwa makiyi a depoti ino. Akuluakulu a migodi ya kuno ndi ya ku Shamva. Madokotala ndi manesi. Abusa ndi mashehe. Anzanga owotcherera zitsulo a ku Chipadze ndi ku Chiwaridzo. Amayi ndi abambo, pamusoroi nonsenu.

Ine ndine Staford Chikaonda, dalaivala wopuma pantchito. Ndilankhula m'chinenero cha makolo anga, amene anachoka ku Dedza kudzalima m'mafamu a kuno, chifukwa nkhani ya lero ndi ya mumtima, ndipo mtima wanga sunaphunzire Chingerezi. Mwana wanga Tanatswa azimasulira m'Chishona. Achinyamata amene mumamva Chichewa koma poyankha lilime limakana, musaope, lero palibe akufunseni funso.

Kalata yondiitana itafika ndinkayesa asokoneza adiresi, pakuti mlendo wolemekezeka amachita kutseguliridwa chitseko cha galimoto, pomwe ine ndatsika kombi pamsika. Sekani ndithu. Komabe ndikuthokoza, Mayi Mutsonziwa, kuti mwakumbukira munthu amene anayendetsa lole yanu zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, atasenza masilinda a mpweya.

Nthambi za kampani ino ndimazidziwa monga mayi adziwira ana ake. Ku Harare ndiko kumutu, kumene mpweya umadzazidwa. Ku Bulawayo tinkatumikira a njanji, ku Kwekwe osungunula zitsulo, ku Gweru mafakitale, ku Mutare ocheka matabwa. Ya ku Masvingo ndi yaing'ono, ya ku Chiredzi ili pakati pa nzimbe ndi kutentha kosanena, ndipo ya ku Hwange ili kutali kwambiri moti ukafikako umayiwala dzina la mwana wako wotsiriza. Nthambi zisanu ndi zitatu, kummwera, kummawa ndi kumadzulo. Koma mbali ino ya kumpoto, kumene kuli migodi, zipatala ndi nyumba yanga, kunalibe ngakhale kashedi.

Pazaka zonsezo ndinkalakalaka chinthu chimodzi chokha: kugwira ntchito pafupi ndi mkazi wanga Spiwe, kumachoka m'mawa n'kumabwerako madzulo ngati amuna ena. Spiwe ankanditcha mame. Ankati, "Abambo a Tanatswa, mlendo ndi mame, ndiye inu ndinu mame enieni. Dziko lonse mumaligawira mpweya, ine mumandisiyira fumbi la lole." Ndinalemba makalata anayi kupempha kuti kuno kutsegulidwe nthambi, ine ndikhale ngakhale mlonda. Yankho linali limodzimodzi, ndipo linali laulemu: Bindura ili pafupi ndi Harare.

Sanali kunama. Ndi makilomita osakwana makumi asanu ndi anayi. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Mu Julaye 2021, mliri wa korona utafika pachimake, ine ndinali ku Hwange, ndikutsitsa okosijeni ya odwala. Tanatswa anaimba foni: "Baba, amayi akubanika. Mabedi adzaza konsekonse. Nesi woyandikana nafe akuti tikapeza silinda awathandizira panyumba." Tangoganizani, anthu a Mulungu. Kumbuyo kwanga kunali masilinda odzaza lole, koma iliyonse inali ndi mwini wake wogona pabedi, ndipo pakati pa ine ndi Chiwaridzo panali makilomita oposa mazana asanu ndi atatu. Ndinatsitsa katundu yense monga mwa ntchito, ndipo ndinatembenuza lole.

Tanatswa ananyamuka ulendo wa ku Harare kuja amati ndi pafupi. Makombi sankayenda, pamsewu pankafunika kalata yachilolezo, ndipo kudepoti anakapeza mzere wokhota mpaka kuseri kwa mpanda.

Apa ndi pamene akulowera mnzanga Takesure, wowotcherera mageti ku Chipadze, amene wakhala kumbuyo uko atazolika. Iye atamva kuti amake Tanatswa akusowa okosijeni, sanafunse munthu. Anamasula silinda yake yakuda pamakina odulira zitsulo, yokhayo imene inkadyetsa banja lake, n'kuigoneka pawilibala. Anakankha chitsulo cholemera ngati munthu wamkulu kuchokera ku Chipadze mpaka ku Chiwaridzo, masana, fumbi lili koboo. Atafika anagwa pakhonde n'kunena kuti, "Ambuya, amake Tanatswa, asadandaule, ndabwera nawo mpweya."

Nesi uja anayang'ana silindayo, nayang'ana Takesure, ndipo misozi inalengeza. Anati, "Sekuru, iyi ndi ya kushopu yowotcherera zitsulo. Ya odwala imakhala ndi phewa loyera. Iyi sinayeretsedwere munthu, ndipo pakamwa pake sipalowa chipangizo changa." Takesure anachonderera kuti okosijeni ndi okosijeni, kuti iye angathe kusula cholumikizira pa ola limodzi. Nesi anakana, ndipo anachita bwino kukana. Anzanga owotcherera, ndikuona mukugwedeza mitu: tonsefe tikanaganiza chimodzimodzi.

Spiwe anatisiya tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, silinda yodzaza itaima pakhomo pake. Tanatswa anafika ndi ya phewa loyera cha m'ma 3 koloko. Ine ndinafika anthu atayamba kale kutulutsa mipando panja.

Mwana wanga, puma kaye. Ayi, usamasulire, amva.

Sindinabwere kudzaimba mlandu munthu. Mayi Mutsonziwa anali asanakhale pampando, ndipo amene analipo ankayang'ana mapu, pomwe mapu sasonyeza kuti munthu wobanika angadikire maola angati. Ndanena izi kuti mudziwe chimene mwamanga. Kwa a migodi, ndi gasi wodulira ndi kuwotcherera popanda kutaya tsiku pamsewu. Kwa manesi, ndi mpweya wopezeka pa mphindi khumi. Kwa ine, ndi ntchito ija ndinkapempha, yafika nditakalamba, ndipo amene ndinkafuna kumabwererako madzulo kulibe. Ndimamusowa, olemekezeka. Ndikaona geti ili ndimaganiza kuti bwenzi akundibweretsera chakudya chamasana pomwepa, akundinyogodola kuti ulonda wandikhala.

Bambo Chirimuuta, ndikupemphani zinthu ziwiri. Masilinda a phewa loyera asadzathe m'nyumba muno, ngakhale pa Khirisimasi. Ndipo inu a ku likulu, mukadzalandira kalata yochokera ku Mount Darwin kapena ku Guruve, musadzayankhe kuti ali pafupi ndi Bindura.

Chatsala ndi riboni. Chiyambire maliro aja, Takesure akandiona pamsewu amakhotera kwina. Iye amati anachititsa manyazi pakhomo panga, anapatsa wodwala chiyembekezo chabodza. Takesure, mng'ono wanga, dzutsa mutu, pali zimene sunamve. Spiwe anamva kulira kwa wilibala yako, ndipo Tanatswa ali kutali, ine ndili kutali, anauza nesi kuti, "Kani alipo amene wandithamangira." Tsiku limenelo kampani inali ndi nthambi zisanu ndi zitatu, koma amene anafika pakhomo panga mkazi wanga akadali moyo ndi iwe.

Bwera kuno. Mpatseni njira, chonde. Sizasi iyi tigwira awiri.

Olemekezeka nonse, m'dzina la anthu a ku Bindura, amoyo ndi amene sanathe kudikira, ine ndi Takesure tikulengeza kuti nthambi yachisanu ndi chinayi ya Nyamatsatse Gases yatsegulidwa tsopano.

Mazvita. Zikomo kwambiri.