Foni Yanga Inatsika Sitima Ine Ndili M'kati

Abusa athu, amayi busa, abale ndi alongo nonse, ndakupatsani moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, sindinazolowere kuima kutsogolo chonchi.

Ena mumangondiona Lamulungu ndikukhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, maso pafoni. Ndimagwira ntchito yolera mwana ku Al Furjan, kuno kudziko la Aluya. Koma nanenso ndili ndi wanga kumudzi ku Ntcheu, dzina lake Tadala, sanayambe sukulu. Ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga.

Kutentha kutafika pachimake kuno, madamu, mayi a mwana amene ndimalerayo, anati, "Yalla, fulumira, longedza, tikupita kutchuthi, tikakwera sitima ya pamadzi." Tinauluka pandege mpaka kumaiko ozizira akumpoto, ku Norway uko. Sitimayo abale, musaganize bwato. Ndi nyumba yosanja ngati izi za ku Muraqqabat, koma yoyenda pamadzi. Imaima padoko ili, anthu atsike akaone malo, kenako iyende kudoko lina.

Tili pamzere wokwera, foni inalira. Achemwali. Analemba kuti, "Tadala tamugoneka kuchipatala, malungo. Matenda akula." Ndisanayankhe, madamu akundikankha, mwana wawo ali kumsana, zikwama m'manja. Ndikulowa m'kati, netiweki zii.

Amayi amene muli muno, mukudziwa kwathu. Munthu ali kutali samuuza maliro pafoni, amangoti matenda akula. Ndiye ine ndidziwe bwanji? Alipo? Palibe? Ndidziwe bwanji?

Ndinapempha madamu andibwereke foni yawo, yawo inkagwira. Anati, "Inshallah, mawa." Mawa lake, "Khalas, basi, mwana akulira, sukuona?" Sindikuwanena ayi, ndi mabwana anga, koma ndi mmene zinalili. Musitimamo aliyense amakhala ndi khadi yotsikira ndi kukwerera. Yanga ndi pasipoti madamu anazitsekera m'kabokosi kachitsulo. Amati antchito akafika kumaiko amenewo amathawa. Ndiye sitima ikaima, iwo atsike, ine nditsale ndi mwana.

Kachipinda kathu kanalibe windo. Mpweya wa makina okhaokha. Ndikatuluka pamwamba, madzi mbali iyi, madzi mbali iyo, mapiri ataliatali oyera pansonga ngati awathira ufa. Azungu akujambula, akuseka. Ine ndikungoyang'ana kuti khomo lili pati. Ndipo dzuwa la kumeneko sililowa abale, sindikunama pamaso pa Mulungu. Kuwala basi, kuwala basi. Mutu unasokonekera, sindinkadziwa kuti lero ndi liti. Padoko ndinkaona nyumba zofiira, zachikasu, anthu akuyenda ndi agalu awo, pafupi ngati pomwe akhala abusawa. Koma ine kutsika ayi.

Ndikumwetsa mwana wa eni phala, mtima ukuti wako amwa chiyani? Ndikumufunditsa, mtima ukuti wako amufunditsa chiyani, bulangete kapena dothi? Kupemphera ndinalephera. Ndinkangoti Yesu, Yesu, Yesu. Basi.

Tsiku lina sitima itaima, ndinali kuyendayenda m'kanjira ka pakati pa zipinda, mwana kumsana ndi chitenje, ndikumutonthoza m'Chichewa, misozi ili chuchuchu. Mayi wina wokonza zipinda, akukankha kangolo ka matawulo, anaima. Anayang'ana chitenje, anandiyang'ana ine.

"Iwe sisi, ulila chani? Ndiwe wa ku Malawi?"

Abale! Pakati pa nyanja, kumapeto a dziko, munthu akundiyankhula! Anali Amake Taonga, a ku Chipata. Ndinawafotokozera zonse, mawu akuthamangitsana.

Anati, "Kukutulutsa siningakwanise, banganichotse nchito. Koma foni siifuna pasipoti. Leta."

Anandiuza kuti antchito a musitima akapatsidwa kanthawi kopuma amatsika, amakaima panyumba ina padoko pomwe pali wayifayi yaulere. Foni ikangofika pamenepo, mauthenga onse amagweramo, ako amene unajambula amapita. Anati ndijambuliretu mawu. Ndinangoti, "Achemwali, ndiuzeni zoona, musandibisire."

Koma kupereka foni! Munthu ndamudziwa lero lomwe. Zithunzi zonse za Tadala zili mmenemo. Ndinaigwira, iwo akukoka, ine ndagwira. Anaseka. "Mami, foni yako yosweka iyi niipeleke kuti? Siya!"

Ndinasiya. Ndinakwera pamwamba, ndinaima pachitsulo, ndikuwaona akutsika, akudutsa pageti, akukhota, osaonekanso. Mphepo ikundilasa m'makutu. Anthu ayamba kubwerera, awiriawiri, atatuatatu. Iwo ayi. Madamu ndawaona akubwera ndi zikwama zawo. Iwo ayi. Sitima inaliza chilipenga chake chonyamukira. Kenako ndinaona munthu akuthamanga, jekete ikuuluka, dzanja lili m'mwamba.

Anandipeza m'kanjira kaja, akupuma wefuwefu. Mauthenga analimo. Ine chala chinakana. Ndinati sindingathe, ngati ndi maliro ndilirira kuti, muno mulibe ngakhale pogubuduka. Amake Taonga anandigwira phewa, anadina okha.

Poyamba phokoso, mbale, nkhuku. Kenako achemwali, "Yankhula, ndi amako." Kenako kamawu, kofooka, kosasa:

"Amayi, andibaya jakisoni koma sindinalire. Mundigulire nsapato zowala."

Aleluya! Abale, aleluya! Ndinakhala pansi pomwepo, pakapeti ya eni, mwana wa eni kumsana, ndikulira ngati ng'ombe. Amake Taonga akundikoka, "Nyamuka iwe, bazatiyesa ofunta!" koma nawonso misozi.

Kuyambira pamenepo, doko lililonse foni yanga inkatsika m'thumba mwawo. Ine sindinapondepo dziko limenelo ngakhale phazi limodzi. Anthu akandifunsa kuti ku Norway kuli bwanji ndimati funsani foni. Ntchito ndikadali pomwe paja, pasipoti ikadali kwa madamu, mundipempherere. Koma mwana wanga ali moyo, akudya, akuthamanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaona kachipinda kopanda windo. Mupempherereninso Amake Taonga, akadali pamadzi. Ndipo onani izi, ndatulutsa m'chikwamamu, ndagula dzulo kumsika wa ku Naif, zimawala ukaponda. Mlongo wina akupita kumudzi sabata ino, atenga. Imani nane abale, amayi imbani nthungululu, mwini nsapatozi alipo!