Dzina Langa m'Baibulo la Bambo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Esinati wa kuno ku Matandani, ndipo ndikuuzani za nthawi imene ndinataya makolo onse awiri ndili wodulidwa mumpingo.

Bambo anga anali mkulu wa mpingo. M'mawa uliwonse tisanapite kumunda ankatisanjika manja pamutu mmodzimmodzi, n'kumatitchula mayina pamaso pa Mulungu. Ine ndinawachititsa manyazi. Ndinatenga mimba ya mwamuna wa mwini, mpingo unandidula, ndipo tsiku londidulalo bambo anakhala kutsogolo atazyolika. Kuyambira pamenepo, iwo akati tipemphere, ine ndinkazemba ndi mwana wanga Chisomo n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Bambo anamwalira itangodutsa voti ya nyali ndi tambala ija, ndisanawapepese. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Bambo anali mkamwini kwathu kuno, ndiye maliro atatha abale awo ananyamula zonse, njinga, jekete, ngakhale Baibulo. Baibulolo analipatsa mwana wa mlongo wawo, msuweni wanga Layisoni. Ife ana tinangoyang'ana, mwambo wake ndi womwewo.

Dzinja litafika mayi anadwala kwambiri. Kuchipatala anatiuza kuti tikangowasamalira kunyumba. Phala ankalikana, ankangofuna wina awasanjike manja monga ankachitira amuna awo. Abusa anali ku Neno Boma, msewu utaduka ndi mvula, ndipo mkulu wa mpingo wotsalayo anali ku Blantyre kwa ana ake.

"Iwe Esinati, kodi sungandipempherere?" anatero mayi.

Ndinabisa manja kumbuyo. Inde, mayi ondibala ndinawakana, poganiza kuti manja odetsedwa ngati anga Mulungu sangawayang'ane. Mayi anatembenukira kukhoma.

Tsiku lachitatu masana, ndikuchapa nsalu zawo uku ndikulira, ndinangoti, "Ambuye, mayi asapite chonchi, tumizani munthu." Munthu wake anali Layisoni, anangotulukira matope mpaka m'mawondo, Baibulo atalikulunga m'jumbo.

"Msuweni, ine sukulu ndinangoidutsa panja," anatero. "Kwathu bukuli likungodyedwa ndi mphemvu. Muli zolemba za amalume, tandiwerengera."

Tsamba lina bambo analipinda, pomwe pamati okhulupirira onse ndi ansembe a Mulungu. Kumapeto kwa bukulo analemba mayina athu ndi pensulo. Pansi penipeni panali mawu akuti, "Esinati ndi mdzukulu wanga Chisomo. Ndikadzapita, Esinati ndiye azidzapempherera nyumba ino."

Dzina la Chisomo ndi limene linanditsegula maso. Ndiye kuti bambo analemba zimenezi ine nditadulidwa kale, ndikuwathawira kuseri kwa nyumba.

Ndinalowa, ndinagwada, ndinaika manja pamutu pa mayi. Pemphero lake linali lachibwibwi, misozi yokhayokha, koma ndinawatchula dzina lawo monga ankachitira bambo. Mayi anagwira dzanja langa n'kuti, "Basi, ndamva." Anatisiya patapita masiku awiri, nkhope ili yowala.

Mpingo unandibwezera chaka chotsatira. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso Layisoni amene anabweza cholowa chake kwa ine wopanda gawo. Inu amene munagwa, ndipo mukuti simuyenera kupempherera munthu, musathawire kuseri monga ine. Limbani mtima, lowani m'nyumba nthawi ikadalipo. Manja amene ndimamusanjika Chisomo m'mawa uliwonse ndi omwe aja ndinawabisira mayi kumbuyo.