Chikwangwani Chosalembedwa pa Situdiyo ya Chongwe

Olemekezeka oimira khonsolo ya Chongwe, olemekezeka abusa athu, aphunzitsi ochokera ku Chalimbana, Ba Kabwe amene mwatsogolera ntchito yomanga situdiyo yojambulira nyimbo ino, amayi ndi abambo, landirani moni wanga nonsenu.

Mwaona kuti pampando mwandipatsa paja sindinakhazikike. Ndine Sanford, wopeka nyimbo za m'mafilimu, ndipo ntchito yanga ndimaigwira choimirira: ndimazimitsa mawu a filimu, n'kumayenda uku ndi uku mpaka chithunzi chindiuze nyimbo yake. Amanditama kuti nyimbo zanga zimanunkhira kumudzi, poti mumalira kalimba, mumagunda musi, mumamveka ngakhale chigayo. Koma lero chondisowetsa mtendere ndi china. Ba Kabwe, pepani, pepala munandilembera lija ndalipinda.

Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo ndinapita kumidzi ya kwa Mfumu Nkomeshya ndi kamakina kojambulira mawu. Ndinapeza mayi akupalira chimanga, akuimba chapansipansi. Ha, kukoma kwake! Sindinapereke moni, sindinafunse kanthu, ndinangobisala kuseri kwa chulu n'kujambula. Ku Lusaka nyimboyo ndinaithamangitsa, ndinaithira ng'oma ndi magitala, n'kuiika mufilimu ina, pamene mkwati akulowa movina. Inanditchukitsa, inandikweza ndege.

Tsiku limene filimuyo inaonetsedwa pa Chongwe pano, anthu akuvinira m'mipando, mayi mmodzi anatuluka manja ali kumutu. Mlamu wawo anandikoka malaya panja, amvekere: "Iwe, udziwa chamene wachita? Ija ni nyimbo anapangira Luyando, mwana wawo, tsiku tinamuika m'manda."

Ndinathawa, abale. Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa pano nditakweza magalasi a galimoto, mtima uli m'malere.

Mayiwo ndi Ba Olipa, ali kumbuyo uko, pafupi ndi zenera. Amayi, ndinavinitsa anthu pa maliro a mwana wanu. Ndinalakwa, ndipo manyazi andidya. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Koma chikwangwani chili pakhomopo n'chosalembedwa, chifukwa ndinakana kuti aikepo dzina langa. Ndikufuna palembedwe dzina la Luyando, kuti aliyense wodzajambula muno azikumbukira kufunsa mwini nyimbo chimene anaiimbira. Koma ulendo uno sinditenga mobisala. Ndikupempha kaye. Mukakana, chikhala choyera choncho mpaka utoto udzasuluke.

Ba Olipa aimirira. Ayi, musawagwire, asiyeni. Khomo lotulukira lili pomwepo kumanzere, amayi, ndipo palibe amene akudzudzuleni.

Alipitirira khomo lija. Akubwera kuno.

Ba Kabwe, sizasi yodulira riboni ya pakhomoyo apatseni iwowo. Mwati bwanji, amayi? Ndamva. Akuti dzinalo tilembe, koma nyimboyo aiimba okha, pang'onopang'ono, monga anaipangira.

Olemekezeka nonse, ndikulengeza kuti Situdiyo ya Luyando yatsegulidwa. Oimba ng'oma, ikani pansi timitengoto, palibe wovina. Tiyeni tikhale chete, timve.

Zikomo kwambiri.