Telala Wothawa Mpeni

A Telala adula nsalu za anthu zaka makumi atatu osaphethira, koma mukangotchula mpeni wa dokotala, amasintha nkhani msangamsanga. Atauzidwa kuti Lachinayi akachotsedwe chotupa cha khansa chisanafalikire, iwo anakasindikiza nkhani ya pa foni yoti chamba ndi mapiritsi a chithokomiro zimasungunula chotupa, n'kutuma mlamu wawo, makaniko, kuti akasake zonse zolembedwa m'pepalamo. Lachinayilo m'mawa, makaniko analowa m'shopu atasenza katoni.

"Mwapeza zonse, alamu?" anafunsa a Telala, akutseka chitseko.

"Ine ndikamamanga injini sindidumpha tsamba la buku," anatero makaniko, akutulutsa sikelo. "Kwerani."

"Sikelo ya chiyaninso? Ine ndinati chamba."

"Pepala likuti mlingo umayendera kulemera kwa khoswe."

"Khoswe uti?"

"Inu munangowerenga mutu wokha eti? M'munsimu akuti anayesera pa makoswe. Kwerani."

A Telala anakwera akung'ung'udza. Makaniko ananyambita pensulo n'kuwerengetsa pa katoni pomwepo.

"Ndinu makoswe mazana atatu."

"Musandinyoze m'shopu mwanga muno."

"Chabwino, vulani nsapato tichotsepo awiri."

"Zisiyeni. Mapiritsi a chithokomiro ali kuti? Mayi a kunyumba amamwa tsiku ndi tsiku, botolo limakhala pawindo."

"Ndawapempha."

"Mwawapempha? Ndinati mukangotapako mwakachetechete!"

"Ndinatapa mwakachetechete, kenako ndinawauza. Mlongo wanga ameneyo. Walanda, ndipo akuti mukadzakhudza botolo lake, khansa idzapeza mutapita kale."

A Telala anapukuta thukuta ndi chidutswa cha nsalu ya kasitomala. "Nanga chamba?"

"Wogulitsa ndamupeza. Ndamufunsa ngati ali nacho cha makoswe odwala khansa. Wandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chimene ndasuta kale chikwanira."

"Ndiye mwasenza chiyani m'katonimu, munthu inu?"

"Zotsalazo." Makaniko anasolola mpukutu wa waya. "Akuti makoswewo ankawasunga m'khola masabata asanu ndi limodzi. Tandibwerekani tepi ndikuyezeni mutakhala chonjuta."

"Ine, bambo wa ana asanu, m'khola?"

"Muzikhala nokha, ana safunika."

"Dumphani zimenezo, alamu. Pitani pamene alemba kuti anachira."

Makaniko anayendetsa chala chake cha girisi papepala, mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. A Telala anatsatira chalacho ndi maso, chifukwa chiyembekezo chawo chonse chinali pansi pa chala chakudacho.

"Mawu oti anachira mulibe. Akuti zotupa zina zinachepako."

"N'chimodzimodzi. Ndiye kuti makoswewo anayamba kupeza bwino."

"Sanawafunse."

"Nanga anadziwa bwanji kuti zachepa?"

"Anaona m'kati."

"Pa makina ojambulira aja?"

Makaniko anawerama. Anapisa dzanja pansi pa katoni, natulutsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala, n'kukafunyulula bwinobwino patebulo lodulira nsalu. Unali mpeni, wonyezimira ngati supuni yatsopano. Apa a Telala anachita mantha enieni, n'kubwerera m'mbuyo.

"Tsamba lomaliza," anatero makaniko. "Masabata aja atatha, anawang'amba onse pamimba n'kuyeza zotupa ndi rula. Ndaunola dzulo. Musade nkhawa, matayala ndimang'amba mowongoka."

"Onse?"

"Ndi amene zotupa zinachepa omwe."

A Telala anakhala pampando wa makina pang'onopang'ono. "Atatha kuyezako, anawasoka?"

Makaniko anatembenuza pepala, nayang'ana kumbuyo, nalikutumula ngati mugwa tsamba lina. "Za kusoka palibe. Pali mayina a olemba basi."

"Ngakhale kungolumikiza ndi mapini?"

"Palibe."

Kenako a Telala anakoka kabati ya makina, nafukula pansi pa maulusi ndi mabatani, n'kutulutsa khadi la kuchipatala limene analibisa sabata yonse. Analipukuta pamalaya, navala jekete.

"Mukupita kuti?" anadabwa makaniko. "Khola sitinayambe n'komwe."

"Kalizeni galimoto, alamu. Ngati kung'ambidwa kulipo ndithu, ndiperekezeni kwa aja amene akang'amba amasoka."