Gogo Nyarai ndi Mwana Amene Anabwera Naye Kumsana

Abale ndi alongo, mbiri imayamba ndi dzina, koma la malemuwa mundilole ndilisunge kaye.

Anatsika basi kuno ku Eiffel Flats mu 2019, mvula ikugwa, kamtsikana ka zaka zitatu kali kumsana. Sananene kumene achokera. Anangoti tiziwatcha Gogo Nyarai, mwanayo ndi Ivy. Ine Tapuwa, woyandikana nawo nyumba, ndinkawasuzumira pawindo n'kumadzipekera nkhani za moyo wawo. Zoona zake anandiuza atagona m'chipatala.

Anabadwa mu 1961. Bambo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi kuno ku Zimbabwe. Sukulu analekezera Giredi 5. Anakwatiwa mu 1980, amuna awo n'kumwalira mu 2008. Kuno ankagulitsa sadza, nsima ija, kwa okumba golide, ndipo anali a Chigwirizano cha amayi mumpingo wathu.

Ivy ndi mdzukulu wawo. Ali wamng'ono sankayankhula, ankangokuwa n'kumadzimenyetsa kukhoma. Kwawo ankamumangirira kumtengo, ati ali ndi ziwanda. Malemu anamumasula, anathawa naye, dzina lawo n'kusintha.

Lero Ivy amayankhula, koma kuwerenga kukumukanika ndipo m'kalasi sakhazikika. Malemu anayenda mpaka mapazi kutupa, Kadoma, Chegutu, Kadomanso, kufikira katswiri woyeza ana ovutika kuphunzira atalola kumuona Lachinayi likubwerali. Katswiriyo anati kuyeza mwana yekha sikukwanira. Pakufunika munthu wodziwa mmene anabadwira, ngati analira, nthawi imene anakwawa, matenda amene anadwala ali khanda. Akapanda kuyezedwa, kalasi yapadera salowa.

Matenda a shuga atitengera gogo Lolemba, asanakayankhe mafunso amenewo. Wodziwa amene watsala ndi mayi ake a mwanayu, omwe ife sitinawaonepo. Malemu ankaopa kuti akadziwika Ivy adzabwezedwa kuchingwe, komabe anandigwira dzanja n'kundilamula kuti dzina lawo ndilitchule pamanda pano.

Asiya mwana wamwamuna, Danieli, mwana wamkazi, Rudo, amene ndiye mayi wa Ivy, ndi mdzukulu wawo Ivy, yemwe wakhala apoyo. Chonde, inu oyenda m'mabasi a ku Chakari, kwawo kwa malemu, inu okumba kumeneko, kamuuzeni Rudo afike Lachinayi lisanakwane. Sitidzamufunsa zakale, adzangoyankha za mwana wake.

Amene tikuwaika lero ndi Mayi Mwaiwawo Jailosi a ku Chakari. Mzimu wawo upumule mu mtendere.